Mwala wosasema umabisa mtengo wake weniweni

Anthu ambiri amene akuyamba kumene malonda a miyala ya mtengo wapatali amakopeka ndi kutsika mtengo kwa mwala wosasema, poganiza kuti phindu lidzaoneka ukasemedwa. Koma chimene wogula amalipira kwenikweni ndi mwala umene udzatsale mmisiri akamaliza ntchito yake, ndipo umenewo maso osazolowera sangauone.

Dayamondi wongofukulidwa kumene sanyezimira. Amaoneka ngati kachidutswa ka galasi kopakidwa mafuta. Amayezedwa m'makarati, ndipo makarati 5 ndiwo amakwana galamu imodzi. Posema, theka la kulemera kwake kapena kuposerapo limatayika, kotero kuti mwala wa makarati 2 kawirikawiri umatulutsa wosapitirira karati imodzi. Ukakhala ndi mng'alu m'kati, mmisiri amakakamizika kuudula tizidutswa, ndipo mtengo umagweratu.

Atambwali amadziwa bwino zonsezi. Mwala wotchedwa topaz, ukakhala woyera, umalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi dayamondi wa msinkhu womwewo, ndipo ena amaugoba kuti ukhale ndi mbali 8 monga dayamondi wachilengedwe. Kukanda galasi, kumene ambiri amakukhulupirira, si umboni ayi, pakuti ngakhale quartz, mwala wamba wopezeka paliponse, umakanda galasi. Nato timakina ta m'manja toyeza mmene mwala umatengera kutentha timapusitsika ndi moissanite wopangidwa m'fakitale. Rube wopanga anthu si wachilendo: Auguste Verneuil wa ku France adalengeza njira yomupangira m'chaka cha 1902, ndipo achinyengo amamuphwanya ndi kumudetsa ndi dothi kuti aoneke ngati wa mumgodi.

Mwala ungakhale weniweni koma n'kumangitsa mwini wake. Ku South Africa, lamulo la 1986 limaletsa kusunga dayamondi wosasema popanda chiphaso, ndipo maiko ena a m'chigawo chino ali ndi malamulo ofanana nalo. Kuyambira 2003, dongosolo la Kimberley Process limafuna kuti dayamondi wosasema aliyense wodutsa malire a maiko amene ali m'dongosololi akhale ndi chikalata cha boma la dziko limene akuchokera. Chikalatachi chimachitira umboni za kumene katundu wachokera, osati ubwino wake, ndipo sichikhudza rube kapena emarodi. Zikalata zabodza nazonso zilipo.

Miyala yabwino ya m'migodi ikuluikulu, monga emarodi wa ku Kagem m'boma la Lufwanyama ku Zambia ndi rube wa ku Montepuez ku Mozambique, amene adapezeka mu 2009, imagulitsidwa pa okushoni kwa makampani oitanidwa okha. Choncho mwala wokongola wotsatsidwa m'chipinda cha hotela pa mtengo wozizira uyenera kukayikiridwa.

Njira yosaika chuma pachiswe imayambira ku ofesi ya boma yoona za migodi, kumene kumaperekedwa chiphaso chogulira ndi kugulitsira miyala. Akatero, woyamba kumene angaphunzire pa miyala yotsika mtengo, monga amethyst wa ku Mapatizya kum'mwera kwa Zambia, atatenga kagalasi kokuza zinthu maulendo 10 ndi sikelo yakeyake. Mwala wa ndalama zambiri uyenera kuyamba wapimidwa ndi katswiri amene sanasankhidwe ndi wogulitsa, ndalama zisanachoke m'manja.