Kamera yaikulu koposa, yaing'ono koposa, ndi imene ingakwere mitunda ya Ndirande

Pa ukwati uliwonse wa ku Chilomoni kapena ku Bangwe masiku ano pamakhala ojambula a mitundu iwiri. Pali kameramani wolembedwa ganyu, chikamera chakuda chili lende pakhosi, fulashi pamwamba, chikwama kumsana. Kenaka pali khamu la abale ndi anansi, aliyense foni m'mwamba, kupanikizana kutsogolo kwa akwati nthawi ya perekaniperekani. Mkangano woti chabwino n'chiti, chida chachikulu kapena chaching'ono, sunayambire ku Blantyre ndipo si walero. Alipo anthu amene anaufikitsa kumapeto kwenikweni: ena anakulitsa kamera mpaka yofuna chigulu cha amuna kuti ainyamule, ena anaichepetsa mpaka yovuta kuiona ndi maso.

Chimphona choyamba chinapangidwa ku Chicago, m'dziko la America, mu 1900. Kampani ya sitima zapamtunda ya Chicago and Alton inafuna chithunzi chimodzi cha sitima yake yatsopano, yonse yathunthu kuyambira kumutu mpaka kumchira, chopanda kulumikiza zidutswa. Wojambula wina, George Lawrence, anakonzetsa kamera imene anthu anaitcha Mammoth. Payokha inkalemera makilogalamu pafupifupi 400, ndipo galasi lojambulirapo linali lotalika mamita 2.4, m'lifupi mamita pafupifupi 1.4. Pankafunika amuna 15 kuti aigwiritse ntchito. Chithunzicho chinakapata mphoto pa chionetsero chachikulu cha ku Paris chaka chomwecho.

Lero ufumu umenewu uli pamwamba pa phiri la Cerro Pachón ku Chile, pa malo ofufuzira zakuthambo a Vera C. Rubin. Kamera ya kumeneko ndi yaikulu ngati galimoto yaing'ono, imalemera matani pafupifupi atatu, ndipo ili ndi ma megapixel 3,200. Zithunzi zake zoyamba anazionetsa mu Juni 2025. Ntchito yake ndi nyenyezi; nkhope ya munthu siidziwa.

Kumapeto enawo kuli kakamera ka kampani ya OmniVision, kosakwana milimita imodzi m'lifupi, kamene madokotala amakalowetsa m'thupi la wodwala kuti aone m'kati. Ndipo kamera yoyamba ya dijito yonyamula m'manja, imene Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975, inali yolemera makilogalamu 3.6 koma chithunzi chake chinali cha timadontho 10,000 tokha, chopanda mtundu, ndipo chinkatenga masekondi 23 kuti chilowe pa tepi ya kaseti. Foni yotsika mtengo kwambiri pa msika wa Limbe imaiposa kutalitali.

Koma mbiri imene ine imandigwira mtima ndi ya mtengo. Munthu angaganize kuti kamera yodula kuposa zonse ndi chimodzi mwa zimphona zija. Ayi ndithu. Ndi kakamera kokwana m'thumba la jekete, Leica ya nambala 105 yopangidwa mu 1923, imene inagulidwa pa okushoni ku Wetzlar, ku Germany, mu Juni 2022 pa mtengo wa mayuro 14.4 miliyoni. Mwini wake woyamba anali Oskar Barnack, amene anaipanga. Barnack ankadwala mphumu, ndipo makamera a nthawi yake, a mabokosi amatabwa, magalasi ndi miyendo itatu, ankamulemera akafuna kuyenda nawo kutchire. Anatenga filimu ya kanema ya mamilimita 35, n'kuigoneka cham'mbali, n'kupanga kamera yogwira ndi dzanja limodzi, nzeru yake ili yoti chithunzi chijambulidwe chaching'ono kenaka chikulitsidwe potsuka. Leica itayamba kugulitsidwa mu 1925, wojambula anamasuka kuchoka m'situdiyo n'kulowa mumsewu, mumsika, m'bwalo la gule. Muyeso wa Barnack uja, mamilimita 36 ndi 24, ndi womwewo umene makamera odula a lero amanyadira kuti ali nawo. Munthu wa chifuwa chofooka ndiye anasintha ntchito yonse, chifukwa chokana kusenza.

Kwathu kuno mbiri inayamba ndi zida zolemera. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi mu Shire kuyambira 1858, anali ndi kamera, ndipo zithunzi zake zili m'gulu la zakale koposa za chigawo chino cha Africa. Koma dzina limene mwana aliyense wa mu Blantyre anayenera kulidziwa ndi la Mungo Murray Chisuse, mkulu wa nyumba yosindikizira mabuku pa Blantyre Mission, kumene lero timati ku HHI, pafupi penipeni ndi Ndirande. Iyeyu anakafika ku Scotland, anabwerako ndi luso la kusindikiza ndi la kujambula, ndipo akatswiri a mbiri amamutchula ngati Mmalawi woyamba wodziwika pa ntchito ya zithunzi. John McCracken analemba za moyo wake m'magazini ya Society of Malawi, bungwe limene limasunga zithunzi zakale ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882. Chisuse anajambula John Chilembwe ndi banja lake, komanso anthu a mpingo wa ku Mbombwe ku Chiradzulu. Taganizirani ulendo wa masiku amenewo, zida za kujambula zili pamutu kapena panjinga, misewu ili yafumbi. Nkhope ya Chilembwe imene tonse taigwirapo pa ndalama za kwacha, mwina nkhope yosindikizidwa kochuluka kuposa ina iliyonse m'dziko muno, tikuidziwa chifukwa panali anthu ololera kusenza katundu wotere. Zimandipweteka kuti dzina la Chisuse silimveka kawirikawiri ngakhale pakati pa ojambula enieni.

Amene akufuna kuona mbali ziwiri za mkanganowu zitakhala pamodzi ayang'ane ku Bamako, likulu la Mali. Seydou Keïta anatsegula situdiyo mu 1948. Ankagwiritsa ntchito kamera yaikulu yoimika pa miyendo, ya negetivu ya masentimita 13 ndi 18, ankakonda kuwala kwa dzuwa pabwalo la kunyumba kwake, ndipo kawirikawiri ankajambula kamodzi kokha munthu aliyense. M'zithunzi zake ulusi wa nsalu umawerengeka, ndipo anthu akhala mwaulemu, modziwa kuti lero ndi tsiku. Malick Sidibé, wam'mbuyo mwake, anatenga kakamera kopepuka ndi fulashi n'kumayenda panjinga usiku, kuchoka padansi ina kupita pa ina, kujambula achinyamata thukuta lili kamukamu. Mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, wojambula zithunzi woyamba komanso munthu wa mu Africa woyamba kuilandira. Keïta anatisungira mmene anthu ankafunira kuoneka. Sidibé anatisungira mmene ankakhalira akaiwala kuti pali kamera. Ndirande ikufuna onse awiri, koma ine ndikuona kuti a Sidibé ndiwo akutisowa kwambiri.

Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense woyenda m'makwalala athu. Tinjira ta ku Goliyo ndi ku Makata n'topanikiza, mitunda ya ku Bangwe ndi ku Chilomoni imafuna mpweya, ndipo mu minibasi ya ku Machinjiri chikwama chachikulu chimakhala pamiyendo ulendo wonse. Kamera ya akatswiri ngati Canon 5D Mark IV imalemera magalamu pafupifupi 890, ndipo ukaikapo lenzi yaitali ya 70-200 umawonjeza kilogalamu ina ndi theka. Ricoh GR III, yolowa m'thumba la buluku, ndi magalamu 257. Kulemera si vuto lokhalo. Tulutsa chikamera mu msika wa Ndirande: mayi wogulitsa tomato aphimba nkhope ndi chitenje, wina afunsa kuti mwachokera ku bungwe liti, ana aunjikana n'kuimika zala, ndipo moyo umene unabwera kudzaujambula wabalalika. Maso ena oipa nawonso ayamba kuwerengera mtengo wa chimene wanyamula. Kakamera kakang'ono sikaopseza. Komabe kuchepa kwa chida si chilolezo chojambula munthu mobisa. Moni ndi kupempha zimayamba, ndipo wokana wakana.

Tsiku limene izi zinaoneka poyera linali lachisoni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene bungwe la zanyengo padziko lonse linatsimikiza kuti ndiye anakhalitsa kuposa wina aliyense m'mbiri yolembedwa, masiku 36, anagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, kufupi ndi Zingwangwa. Zambiri zimene tinayamba kuona za tsoka limenelo zinajambulidwa ndi mafoni a anthu okhala komweko, manja akunjenjemera, mvula ikugwa. Palibe anali ndi nthawi yosintha lenzi.

Mafoni omwewo ndiwo anagwetsa msika wa makamera mwa njira imene sinaonekepo. Foni yokhala ndi kamera inayamba kugulitsidwa ku Japan cha mu 1999 ndi 2000. Mu 2010 makampani a makamera, ambiri mwa iwo a ku Japan komweko, anatumiza pamsika makamera oposa 120 miliyoni. Mu 2023 sanafike ndi 8 miliyoni omwe. Ndipo kampani ya Transsion, mwini wa Tecno ndi Itel, inachita chimene makampani akale a filimu ananyalanyaza zaka zambiri: inakonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mafoni amenewa ali m'manja mwa anthu ambiri kwathu kuno.

Tsono ndisanamizire kuti kamera yaikulu yatha ntchito. Pa Kamuzu Stadium, Bullets ikakumana ndi Wanderers, foni siingakufikitse pa nkhope ya wogoletsa chigoli. Pamafunika lenzi yaitali. M'holo ya ukwati, magetsi akathima, kachipangizo kolandira kuwala ka mu foni, kamene n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi ka mu kamera, kamatulutsa zithunzi zamchengamchenga, ngakhale pabokosi atalembapo ma megapixel 200. Palinso nkhani ya ulemu ndi ndalama. A komiti ya ukwati akaona mnyamata wabwera ndi kakamera kam'thumba amayamba kunenerera mtengo, pomwe wa chikamera amamupatsa mpando kutsogolo. Ndipo agogo akavala chilundu chatsopano kuti ajambulidwe, amafuna aone kuti wojambula waima, wawakonza kakhalidwe, wawawerengera. Mwambo umenewu uli ndi phindu lake, ndipo umaoneka pa nkhope.

Za mdima, mbiri ili ndi katswiri wake. Lenzi ya Zeiss Planar ya 50mm f/0.7, imodzi mwa zolowetsa kuwala kochuluka kuposa zonse zimene zinagwirapo ntchito, inapangidwira bungwe la NASA, ndipo Stanley Kubrick anaigwiritsa ntchito mu filimu ya Barry Lyndon ya mu 1975 kujambula anthu ndi kuwala kwa makandulo okha. Zinapangidwa khumi basi. Koma mng'ono wake wotsika mtengo, 50mm f/1.8, amapezeka kwa Canon ndi kwa Nikon, amalemera magalamu osakwana 200, ndipo amachita zimene wojambula nkhope amafuna: munthu aoneke bwino, zakumbuyo zizimirire, chipinda chamdima chisakulepheretse. Kampani ya Zeiss yomweyo ndiyo inapanganso mu 2006 lenzi ya 1700mm yolemera makilogalamu 256, ya munthu wachuma wina wokonda kujambula nyama zakutchire.

Wachinyamata wa ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri amene akusonkha ndalama kuti ayambe ntchitoyi ndingamulangize motere. Asathamangire chikamera chatsopano ndi chilenzi chachitali pofuna kuopseza anzake. Agule kamera yapakati yogwirapo kale ntchito, ngati zimene zimabwera kuchokera ku Joni, aikepo 50mm ija, asunge batire yachiwiri yodzaza chifukwa magetsi sapangana nawe, ndipo masiku wamba aziyenda ndi chida chimene sichimulemera, ngakhale ikhale foni. Ajambule nkhope m'mawa kapena dzuwa likapendeka, kapena pamthunzi wa khonde, osati pa dzuwa la masana la mu Okutobala limene limakumba maenje akuda m'maso; tsiku la chiperoni ndiye labwino koposa, mitambo imafewetsa kuwala. Ndalama yotsala apite nayo kokatsukitsa zithunzi. Chithunzi chakale kuposa zonse chojambulidwa ndi kamera, cha Nicéphore Niépce cha m'ma 1826 kapena 1827, chikadalipo ku yunivesite ya Texas mumzinda wa Austin chifukwa chili pa chitsulo chogwirika, pomwe zithunzi zambiri za ana athu zimafinyidwa pa WhatsApp n'kupita limodzi ndi foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi. Pa ukwati uliwonse, pa chinkhoswe chilichonse, atsukitse zosachepera khumi, alembe kuseri tsiku, malo ndi mayina a anthuwo, apereke kwa eni ake mu envulopu.