Usaseke cakudya ca mnzako

Kwa makolo

Nkhani iyi ndi yowerenga pamodzi. Mwana wa kalasi yoyamba sangathe kuimaliza yekha. Amayi, abambo, agogo kapena mkulu wake amuwerengere madzulo, gawo limodzi pa tsiku. Mukatha gawo, mufunseni zimene wamva. Inunso mumuuze zimene mukudziwa, pakuti za kuphika mumazidziwa kuposa ine mphunzitsi.

1. Pansi pa mtengo wa mango

Ana inu, tamverani. Tsiku lina pa nthawi yopuma, ana a m'kalasi langa anakhala pansi pa mtengo wa mango. Aliyense anamasula kamba wake. Wina anali ndi mbatata yoocha. Wina anali ndi cinangwa cophika. Mnyamata wina anatulutsa mkute wa kondowole ndi kacidutswa kakuda ka nkhungu.

Panali mtsikana wina mlendo. Banja lake linali litangofika kumene kuno ku Chiwanga kucokera ku Lichinga. Iye anayang'ana, natseka mphuno.

— Iii! Iwe ukudya udzudzu!

Ana onse anaseka. Mnyamata uja anacita manyazi. Anataya cakudya cake kuseri kwa mtengo. Anakhala ndi njala mpaka poweruka, ndipo m'kalasi ankangowodzera.

M'mawa mwake zinthu zinatembenuka. Mtsikana uja anabwera ndi mkate, umene timati pau. M'kati mwake anaikamo nyemba zophika.

— Taonani! Nyemba ndi ndiwo za nsima. Uyu akudyera pau!

Ana anasekanso. Mtsikana analira, nabisa pau wake m'thumba.

Ana awiri anagona ndi cisoni, ndipo onse awiri anataya cakudya cabwino. Ndiye cifukwa cake ndalemba nkhani iyi.

2. Kodi nkhungu ndi ciyani?

Nkhungu si udzudzu. Siluma munthu, ndipo sipatsa malungo. Ndi tizilombo tating'ono touluka timene timabadwira m'nyanja yathu ya Niassa.

Nyanja yathu ndi yakuya kwambiri. Malo ena imafika pafupifupi mamita 700. Nkhungu imaikira mazira pamadzi. M'mazira mumatuluka timphutsi toyera ngati madzi. Masana timphutsi timatsikira pansi pamene pali mdima, kubisala nsomba. Usiku timakwera pamwamba kudzadya. Tikakula timamera mapiko, ndipo timatuluka m'madzi tonse pamodzi, kawirikawiri pa masiku amene mwezi uli kumdima. Ndiye mumaona ngati utsi waukulu uli kufuka pakati pa nyanja.

Mphepo ikabweretsa nkhungu kumtunda, amayi amatenga madengu ndi malicero onyowa. Amawagwedeza m'mwamba, ndipo nkhungu imamatirira. Kenaka amaikanya, naiumba, naiphika kapena kuiyanika. Ikauma imakhala masiku ambiri osaonongeka.

Nkhungu imamanga thupi monga nsomba ndi nyama. Ngakhale nsomba za m'nyanja zimadya timphutsi take ndi kunenepa nato.

M'caka ca 1861 mlendo wina wa ku Scotland, David Livingstone, anayenda pa nyanja ino. Ataona nkhungu patali anayesa kuti ndi utsi wa moto wa m'chire. Anthu a m'mbali mwa nyanja anamupatsa nkhungu youmba. Iye analawa, nalemba m'buku lake kuti inakoma ngati dzombe lothira mcere. Mwaona? Makolo athu akhala akudya nkhungu kuyambira kalekale.

3. Dziko lililonse ndi mphika wake

Ife a kunyanja tili ndi mcenga, dzuwa lotentha ndi nsomba. Cinangwa cimabereka bwino m'dothi lathu. Conco timadya kondowole ndi usipa, utaka, cambo kapena kampango.

Ku Lichinga ndi kumapiri, ndipo kumazizira. Kumeneko amalima cimanga, nyemba ndi mbatatesi zambiri. Mwana wa kumeneko anazolowera nsima ya cimanga. Akaona kondowole akunyududuka m'manja amadabwa. Fungo lakenso limamuvuta tsiku loyamba.

Ku Angónia, m'cigawo ca Tete, anthu ambiri amakonda mbewa. Amalankhula cinenero conga cathu, koma ndiwo zawo zina ndi zosiyana ndi zathu. Ku Maputo ndi ku Inhambane amaphika masamba a cinangwa ndi nsinjiro ndi madzi a kokonati, nthawi zina ndi nkhanu za m'nyanja ya mcere. Amati matapa. Ife masamba omwewo timati cigwada.

Pa nthawi ya nkhondo anthu ambiri a kuno anathawa. Ena anapita ku Likoma, ena kutsidya ku Malawi, ena ku Tanzania. Mtendere utabwera m'caka ca 1992, anayamba kubwerera kwawo. Anabwera ndi maphikidwe amene anaphunzira kumeneko. Funsani agogo anu, adzakuuzani.

Palinso anthu amene sadya zinthu zina cifukwa ca cipembedzo cawo. Anzathu Asilamu sadya nkhumba. Ena sadya nyama ina cifukwa ca mtundu wawo. Amenewa tiziwalemekeza. Tisawakakamize ndipo tisawaseke.

Tamvani cinanso. Cinangwa cimene timacinyadira cinali cacilendo kale. Cinacokera ku Brazil. Apwitikizi anafika naco ku Afirika zaka zoposa 400 zapitazo. Cimanga cinacokera ku México. Zisanabwere zimenezi, makolo athu ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Munthu woyamba kulawa cinangwa akanati “Iii!” ndi kucitaya, lero tikanadya ciyani?

4. Mikangano ya pa mafuwa

Ndinafunsa ana za maphikidwe a kwawo. M'kalasi munabuka phokoso.

— Aphunzitsi, amayi anga amacotsa mitu ya usipa. Amati imawawa.

— Ayi, aphunzitsi! Agogo anga amati wocotsa mitu ndi wotaya ndiwo.

Ndani akunena zoona? Onse awiri. Mutu ndi matumbo a usipa zimawawa pang'ono. Koma usipa wodyedwa wathunthu, ndi mutu ndi minga yake yomwe, umalimbitsa mafupa ndi mano a mwana. Conco ngati mutha, idyani wathunthu. Kwa mwana wamng'ono, amayi asinje usipa wouma ndi kuthira ufa wake m'phala.

— Aphunzitsi, phala limakoma ndi shuga.

— Ayi, ndi mcere!

Apa palibe wolakwa. Koma phala lamadzimadzi la ufa wokha silikhutitsa mwana. Cacikulu ndi kuthiramo nsinjiro, kapena ufa wa usipa, kapena kasupuni ka mafuta.

— Aphunzitsi, kwathu masamba timathira cidulo.

Cidulo ndi soda zimafewetsa masamba msanga, ndipo therere limatereretsa bwino nazo. Koma zimaononga zina mwa zabwino za m'masamba, zimene timati mavitamini. Conco tisathire m'ndiwo zonse. Nkhwani ndi bonongwe zimapsa bwino popanda soda. Tiziphike kanthawi kocepa, ndi madzi pang'ono, ndipo msuzi wake tisataye.

5. Zosakaniza zodabwitsa

Pali zakudya zina zimene zikakhala m'mbale imodzi, anthu amakwinya nkhope. Tiyeni tizione cimodzicimodzi.

Pau ndi nyemba. Izi ndi zabwino. Pau amapatsa mphamvu, nyemba zimamanga thupi. Mwana amene wadya zimenezi amalimba mpaka poweruka.

Usipa ndi mango osapsa. Ena amadula mango aawisi m'ndiwo pamene tomato wasowa. Msuzi umawawasa pang'ono. Palibe coipa.

Nsomba ndi mkaka. Ena amati ukadya nsomba ndi kumwa mkaka udzatuluka mawanga pakhungu. Si zoona. Ngati nsomba ndi yabwino ndipo mkaka ndi wowiritsa, sizidwalitsa.

Mazira kwa ana. Ena amati mwana asadye mazira, ndiponso mayi woyembekezera asadye. Koma dzira lophika bwino ndi cakudya cabwino kwa onse awiri.

Mkute wa nsima ndi tiyi. Ici anthu ambiri saciseka, cifukwa tinacizolowera. Koma mwana amene amadya nsima ndi tiyi basi, tsiku ndi tsiku, sakula bwino. Mimba imadzaza, koma thupi silipeza comangira. Ndiponso tiyi womwera pa cakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino zimene zimapanga magazi. Ndi bwino kupatsa mwana mkute ndi kandiwo, kenaka cipatso monga mango, papaya kapena nthoci.

Mwaona tsopano? Cimene tinaciseka ndi cabwino. Cimene sitinaciseke ndi cimene cili copelewera. Maso ndi mphuno paokha sizidziwa zonse.

6. Cakudya coopsa zenizeni

Tsono cilipo cakudya cimene tiyenera kucikana. Makolo, gawo ili ndi lanunso.

Coyamba ndi cinangwa cowawa cosakonza bwino. M'cinangwa cowawa muli ululu. Ndiye cifukwa cake amayi amacisenda, naciviika m'madzi masiku atatu, anayi kapena asanu, mpaka cifewe. Akacivuula amacitsuka, naciyanika pa dzuwa mpaka ciume gwa. Pamenepo ndi pamene amasinja ndi kusefa ufa. Fungo la kondowole limene mlendo amadabwa nalo limacokera ku kuviika kumeneku. Cigwada naconso cimafuna kusinja bwino ndi kuwiritsa mokwanira.

M'caka ca 1981 kunagwa cilala m'cigawo ca Nampula. Mbewu zina zinauma, ndipo kunatsala cinangwa cowawa. Cifukwa ca njala anthu anafulumira kucidya cisanathe ululu, ndipo ndiwo zinali zosowa. Anthu oposa 1000 anauma miyendo, ambiri a iwo ana ndi amayi. Kumeneko nthenda imeneyi amati mantakassa, ndipo madokotala amati konzo. Miyendo ikauma ndi nthenda imeneyi sibwereranso mwakale.

Ndiwo zomanga thupi, monga nsomba, zimathandiza thupi kucotsa kaululu kocepa kotsalira. Conco kondowole ndi usipa zimayenderana ndithu. Makolo athu sanalakwe.

Ana inu, musadye cinangwa caciwisi ca m'munda umene simuudziwa. Mukaluma ndi kumva kuwawa, lavulani msanga.

Caciwiri ndi nsomba yoola. Nsomba yabwino ili ndi maso owala ndi makha ofiira. Ikayamba kununkha ndi kufewa, tisadye.

Cacitatu ndi cakudya cimene nchenche zateramo. Nchenche imacokera ku cimbudzi ndi kudzatera pa nsima. Imabweretsa kutsegula m'mimba ndi kolera. Tizivundikira cakudya. Ndiwo za dzulo tiziwiritsenso tisanadye. Tizisamba m'manja ndi sopo kapena phulusa, pothirirana madzi.

Cacinayi ndi bowa wosadziwika. Bowa wina amapha. Mwana asazule bowa yekha popanda munthu wamkulu wodziwa.

Wina akadya cinthu ndi kuyamba kusanza, cizungulire kapena kufooka miyendo, mutengereni ku cipatala msanga.

7. Tizinena ciyani?

Ukaona cakudya cacilendo, usatseke mphuno. Funsa mwaulemu:

— Kodi ici ndi ciyani? Mumaphika bwanji?

Akakupatsa, landira ndi manja awiri. Lawa pang'ono. Ngati sunakonde, nena kuti:

— Zikomo, sindinazolowere.

Mau amenewa sapweteka munthu. Kumbukira kuti cakudya ciliconse cili ndi mwini wake amene anacivutikira. Abambo anagona pa nyanja usiku wonse ndi nyali ndi cilimira. Amayi anatema nkhuni, natunga madzi, nasinja ufa. Ukaseka cakudya ca mnzako, waseka amayi ake.

Tsiku lacisanu la sabata lomwelo ndinauza ana kuti aike kamba wawo pa mphasa imodzi. Mnyamata uja analawa pau wa nyemba, napempha wina. Mtsikana uja analawa kondowole ndi usipa, nati zikukoma. Analawanso nkhungu. Anatafuna pang'onopang'ono, nati:

— Zikomo, sindinazolowere.

Palibe amene anaseka. Tsiku limenelo ana onse analowa m'kalasi atakhuta.

Mafunso

1. Cifukwa ciyani mnyamata anataya cakudya cake?
2. Kodi nkhungu imabadwira kuti?
3. Cifukwa ciyani amayi amaviika cinangwa cowawa?
4. Chula zakudya ziwiri zimene zimamanga thupi.
5. Ukapatsidwa cakudya cimene sunazolowere, udzanena ciyani?

Nchito ya kunyumba

Jambula mbale ya cakudya cimene umakonda. Pempha mkulu wako akuthandize kulemba dzina lake pansi.

Funsa agogo cakudya cimodzi cimene ankadya ali ana, cimene lero sitidyanso. Mawa udzatiuze m'kalasi.

Werenga mau awa mokweza: usipa, utaka, nkhungu, nsima, ndiwo, cinangwa, cigwada.