Khungu lalitali si matenda

Pamzere wa sikelo amayi amakambirana za phala, katemera ndi chifuwa cha ana mosabisa. Koma pali nkhani ina imene imadikira mpaka mayi atakhala awiriwiri ndi namwino, ndipo imanenedwa monong'ona: khungu la kunsonga kwa chokodzera cha mwana likuoneka lalitali, likulendewera, komanso silibwerera m'mbuyo. Kodi mwanayu ali bwino?

Nthawi zambiri ali bwino ndithu. Khunguli limasiyana munthu ndi munthu monga zimasiyanira mphuno ndi makutu. Kwa ena limaphimba mutu wonse wa chokodzera n'kutsalako, kwa ena limalekeza pakati, ndipo alipo amene mutu umaoneka ngakhale sanadulidwe. Madokotala sayang'ana kutalika. Amafunsa ngati munthu akukodza bwino, ngati akumva ululu, ndiponso ngati akutha kusamba n'kuyera.

Mwana wamwamuna amabadwa khungulo litamatirira kumutu kwa chokodzera, ndipo limamatuka lokha pang'onopang'ono. Mu 1949 dokotala wa ana wa ku Britain, Douglas Gairdner, analemba kuti mwa makanda 100 ongobadwa kumene, 4 okha ndiwo khungu lawo limabwerera m'mbuyo lonse. Mu 1968 Jakob Øster wa ku Denmark, atayeza anyamata a sukulu kwa zaka zingapo, anapeza khungu lothina mwa 8 pa 100 alionse a zaka 6 ndi 7. Pofika zaka 16 ndi 17, vutoli linatsala mwa mmodzi yekha pa 100.

Choncho kholo lisakoke khungu la mwana mokakamiza posambitsa. Kukokako kumang'amba khungu, ndipo chilonda chikapola chimasiya chipsera chimene chimathinitsa pakamwa pake, n'kuyambitsa vuto lomwe panalibe. Kutsuka kunja ndi madzi n'kokwanira. Tinthu toyera timene timaunjikana mkati si mafinya ayi, ndipo khungu likamafufuma pang'ono mwana akamakodza, popanda ululu, kawirikawiri zimatha zokha akamakula.

Zilipo zizindikiro zosafunika kuzilekerera. Choopsa kwambiri ndi pamene khungu labwerera m'mbuyo n'kukanirira kuseri kwa mutu. Limamanga, mutu umatupa, ndipo magazi amalephera kuyenda. Apa palibe kudikira kuti kuche. Munthu apite kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi ngati mkodzo watsekeka kapena ukungodontha movutikira.

Kufiira, kutupa, kuyabwa ndi fungo kunsonga zimafunanso dokotala. Bambo amene vutoli likumubwererabwerera ayezetse shuga, chifukwa matenda a shuga nthawi zina amayamba kuonekera pamenepa. Mkombero woyera wolimba pakamwa pa khungu, kung'ambika ndi kupweteka pogonana, mafinya otuluka mumpita wa mkodzo, chotupa kapena chilonda chimene sichikupola, zonsezi akazione achipatala. Chilonda chotere chikhoza kukhala matenda opatsirana pogonana, mwinanso khansa, imene imachiritsika ikapezeka msanga.

Ambiri amaopa kuti akangofika kuchipatala ndiye kuti mpeni basi. Si choncho. Khungu lothina nthawi zambiri limafewa ndi mankhwala opaka monga betamethasone, amene dokotala amalemba kuti apakidwe kwa masabata angapo. Mdulidwe umabwera ngati mankhwala alephera kapena chipsera chakula.

Mdulidwe wodziteteza ku HIV ndi nkhani ina. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda anasonyeza kuti umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 chiopsezo choti mwamuna atenge kachilomboka kwa mkazi, ndipo mu 2007 bungwe la WHO linaulimbikitsa. Zipatala za m'Malawi zimapereka mdulidwewu, koma wodulidwa amafunikabe kondomu. Mwamuna angausankhe pa chifukwa chimenechi, kapena pa mwambo monga jando, osati poganiza kuti khungu lake lalitali ndi chilema.