Njanji Imene Inkatsikira ku Nyanja

Pamene mwezi wa Ogasiti ukupita kumapeto, mphepo ya mwera itayamba kufooka, ndipo mitengo ya mombo ndi tsamba ya m'mapiri a Dedza itavala mphukira zofiira ngakhale dontho la mvula lisanagwe, dziko la kwa Maganga, m'mphepete mwa nyanja ku Salima, limalowa m'nyengo yake yokoma koposa. Mango amachita maluwa, nyanja imene inkawinduka miyezi yonse ya chisanu imadekha, ndipo kutentha kwa Okutobala kumakhala kusanafike. Anthu a ku Ulaya, ikawakwanira nyengo yawo ya mphukira, amakwera sitima ya pamtunda kunka ku Venice, mzinda umene misewu yake ndi ngalande za madzi, nawoloka pa mlatho wa njanji umene unatsegulidwa mu 1846. Ifenso kuno kwathu tinali nawo ulendo wofanana nawo, pakuti panali masiku pamene munthu ankakwera sitima ku Limbe natsikira pa Chipoka, pomwe njanji imagundana ndi madzi, kenaka n'kupitiriza ulendo wake pa nyanja.

Njanji imeneyi inabwera pang'onopang'ono. Inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje, komwe atsamunda ankakutcha Port Herald, ndipo inakhala pamenepo zaka zambiri, katundu wopita kunyanja akudalirabe mitu ya amtengatenga ndi madzi osakhulupirika a Shire. Mu 1935, chaka chomwenso mlatho wa Dona Ana unamalizidwa pa mtsinje wa Zambezi, njanji inafika ku Salima, kotero kuti thonje lolimidwa m'zigwa zakunyanja linayamba kuyenda pa chitsulo chimodzi kufikira ku doko la Beira. Ndi njira yomweyi imene inanyamula sitima ya pamadzi ya Ilala imene tikuidziwa lero: inapangidwa ku Scotland mu 1949, niphwasulidwa m'zidutswa zimene zinadzera ku Beira mpaka pa Chipoka, ndipo italumikizidwanso inayamba ntchito yake mu 1951. Kotero sitima ya pamadzi imene yatumikira Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay kwa zaka zoposa 70 inafika kunyanja itaberekedwa ndi sitima ya pamtunda.

Ulendo wa pa njanjiwo unali wosafuna phuma, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitima inkatsika mapiri a Blantyre, niwoloka Shire, niima pa Nkaya ndi pa Balaka, kenaka n'kulowa m'chigwa chachikulu cha Bwanje, kudzera Bilira, Sharpevale, Golomoti ndi Mtakataka, kufupi ndi Mua kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni yawo mu 1902. Kumanzere kwa wokwera kunali khoma lalitali la mapiri a Ntcheu ndi Dedza, lofiira ndi mphukira ndiponso lofuka utsi wa lupsa. Kumanja kunali milambe, migwalangwa ndi minda yoyembekezera khasu. Pa siteshoni iliyonse amayi ankathamangira ku mawindo a mabogi ndi malichero a nthochi, nzimbe, chinangwa chophika ndi nsomba zokazinga, ndipo wokwera, amene ananyamuka kwawo ali mlendo pakati pa alendo, ankafika pa Golomoti atadziwa kale mfunda wa amene wakhala naye pampando ndi maliro amene akupitira. Tsono atadutsa Mtakataka, mpweya unkasintha, fungo la usipa wouma pa thandala linkalowa m'bogi, ndipo taonani, nyanja inkaonekera pakati pa mitengo.

Koma amene afuna kumvetsa dziko la kwa Maganga ayenera kudziwa kuti madzi anali msewu kunoko njanji isanalotedwe. Tsidya la kum'mawa, moyang'anana ndi Senga Bay, kuli dziko la Makanjira, ndipo m'zaka za m'ma 1800 zombo za matanga zinkawoloka pamenepa zitanyamula minyanga ya njovu, komanso, chimene sitingachitchule popanda chisoni, ana a anthu ogulitsidwa ukapolo. Pa madzi omwewa panadzera nsalu, mikanda ndi Chisilamu chimene mizikiti yake ikuonekabe m'midzi ya Ayao ya m'derali. Lero mabwato ndi maboti a injini ndiwo amayenda m'njira zimenezi: kupita ku chilumba cha Namalenje, kupita ku zilumba za Maleri zimene zili mbali ya Lake Malawi National Park, ndi kukafika ku mathiriro a Linthipe, kumene mpasa amakwera kukaswana m'nyengo yake. Usiku nyali za asodzi a chilimira zimandanda pa madzi ngati mudzi wachiwiri, ndipo m'mawa amayi ogula usipa amakhala atafika kale pa gombe ndi mabeseni awo. Chakumpoto, ku Lifuwu, madzi amalowa m'minda ya mpunga kudzera m'ngalande zokumbidwa ndi anthu, ndipo mlendo wokonda kuona m'mene madzi amaweteredwa sadzabwerako wopanda chonena.

Njanji sinathere pa Salima. Inapitirira kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, mothandizidwa ndi dziko la Canada, ndipo kuyambira 1970 inali italumikizidwa kale ndi doko la Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi. Komatu pamene inkatalika m'pamenenso mtima wake unkachoka pa munthu wamba n'kupita pa katundu. Mu 1999 boma linaipereka m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo masiku ano sitima yonyamula anthu imazungulira chakummwera, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, osafikanso kunyanja. Doko la Chipoka, limene linkadzaza ndi apaulendo osintha kuchoka pa chitsulo kupita pa madzi, lakhala zaka zambiri lili zii, ndipo mwana wobadwira kwa Maganga lero amaidziwa njanji ngati chinthu chongowoloka popita ku boma.

Ine ndikuona kuti pamenepa tinataya chinthu chamtengo wapatali. Minibasi imafulumira, zimenezo n'zoona, koma mayi wonyamula matumba a usipa amalipira katundu wake kuposa m'mene amalipirira thupi lake, ndipo wophunzira wa ku Blantyre amene sanaonepo nyanja ya dziko lake alibe njira yotsika mtengo yomufikitsa kumeneko. Sitikupempha zazikulu. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lilipo: njanji ikadali pamalo pake, masiteshoni akadaima, ngakhale ena afunika denga ndi utoto. Bogi limodzi kapena awiri a anthu, kamodzi pa sabata, kuyambira m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala pamene mvula sikokolola milatho, angakwanire kuyesa ngati anthu angakwere. Kuchokera pa siteshoni ya Salima kukafika ku Senga Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndipo anyamata a kabaza ndi oyendetsa matola a kwa Maganga ali kale pa msewu umenewo tsiku ndi tsiku.