Masamu a timadontho ndi mizere: chida chotsekereza matenda

Mwana akasankhidwa kukaphunzira za makompyuta ku yunivesite, makolo ambiri amaganiza kuti ntchito yake ikhala yongodina makinawo tsiku lonse. Amadabwa akabwera ku holide n'kumuona akujambula timadontho m'kope ndi kumatilumikiza ndi mizere ngati mwana wa Sitandade 1. Zimene akuchitazo ndi gawo la phunziro lotchedwa discrete mathematics, lomwe ophunzira za makompyuta amakumana nalo m'zaka zoyambirira.

Awa ndi masamu a zinthu zowerengeka chimodzichimodzi, monga anthu, nyumba, midzi ndi zitsime. Amasiyana ndi masamu a zinthu zoyezedwa, monga madzi a m'ndowa kapena kutentha kwa thupi. Nthambi yake imodzi imaona mmene zinthu zalumikizirana, ndipo chojambula cha timadontho ndi mizere chija amachitcha graph. Ife pano tichitcha ukonde. Nthambi imeneyi ndi imene ili kuseri kwa ntchito yomwe alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya amagwira akamafunsa wodwala kuti: "Mumagona nyumba imodzi ndi ndani? Sabata yathayi munapita kuti?"

Zinayambira pa milatho 7

Mzinda wa Königsberg, womwe lero ndi Kaliningrad m'dziko la Russia, unagawidwa m'zigawo 4 ndi mtsinje wa Pregel, ndipo zigawozo zinkalumikizidwa ndi milatho 7. Panali funso lomwe linkazunguza anthu: kodi munthu angayende mumzindamo n'kuwoloka mlatho uliwonse kamodzi kokha?

M'chaka cha 1736, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, anapereka yankho. Iye sanalabadire kutalika kwa milatho kapena kukula kwa zigawo. Anangoona kuti chigawo chilichonse chili ndi milatho ingati. Ukalowa m'chigawo podzera pa mlatho wina, uyenera kutulukira pa wina, choncho milatho ya malo ongodutsapo iyenera kukhala iwiriiwiri popanda wotsala. Malo oyambira ndi othera ulendo okha ndi omwe angakhale ndi mlatho wotsala. Ku Königsberg chigawo chimodzi chinali ndi milatho 5 ndipo zinazo zinali ndi milatho 3 chilichonse. Zigawo zonse 4 zinali ndi wotsala, kotero ulendowo unali wosatheka.

Phunziro lake ndi lakuti nthawi zina chofunika n'kudziwa chabe kuti chakuti chalumikizana ndi chakuti. Masiku ano chigawo timachijambula ngati kadontho ndipo mlatho ngati mzere. Pa nkhani ya matenda opatsirana, kadontho ndi munthu, pamene mzere ndi njira yomwe matenda angadzere kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake: kugona chipinda chimodzi, kusamalira wodwala kapena kugonana.

Anthu akachuluka, mizere imachuluka koposa

Tiyerekeze kuti anthu 5 akumana ndipo aliyense wapereka moni wa m'manja kwa mnzake aliyense. Moni yense akhala 10. Akakhala anthu 10, moni amafika 45. Anthu 50 amapanga moni 1,225 ndipo anthu 100 amapanga 4,950. Kawerengedwe kake n'kosavuta: chulukitsani chiwerengero cha anthu ndi chiwerengero chomwecho mutachotsapo 1, kenako gawani pawiri.

Taonani kuti anthu atangowirikiza kawiri, kuchoka pa 50 kufika pa 100, mizere yawirikiza kanayi. Tsopano tengani kalasi ya ana 100 muigawe pawiri, ena aziphunzira m'mawa, ena masana. Gulu lililonse likhala ndi mizere 1,225, yonse pamodzi 2,450. Ana ndi omwewo, palibe wachotsedwa sukulu, koma njira zodzera matenda zatsika ndi theka. N'chifukwa chake nthawi ya Covid-19 tinkauzidwa kuti tichepetse anthu pamaliro, paukwati ndi m'nyumba zopemphereramo.

Mlatho wa pakati pa midzi

Ophunzira amaphunzitsidwanso kufufuza kadontho komwe utakachotsa ukonde ungaduke pawiri. Ganizirani midzi iwiri yotalikirana yomwe anthu ake sayenderana kawirikawiri, koma pali mayi mmodzi wogulitsa nsomba zouma yemwe amagona uku Lachiwiri, uko Lachisanu. Mayiyu akhoza kukhala wa anzake ochepa kuposa anyakwawa, koma matenda opatsirana atabuka mudzi umodzi, njira yake yofikira mudzi winawo ndi iyeyo.

Munthu wotere salakwa kanthu, akungosaka ya ufa ndi ya sopo. Koma ndi amene ayenera kufikiridwa msanga ndi uthenga, katemera kapena mwayi woyezetsa. Wa kabaza, kondakitala wa minibasi, mphunzitsi wochokera mudzi wina, ngakhalenso mlangizi wa zaumoyo mwini wake, onsewa ndi milatho.

Zomwe anapeza pa Likoma

Masamu amenewa anagwiritsidwapo ntchito kwathu konkuno. M'zaka za 2005 ndi 2006, ofufuza Stéphane Helleringer ndi Hans-Peter Kohler anachita kafukufuku m'midzi 7 ya pachilumba cha Likoma pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 35. Anthuwo ankayankha mafunso okhudza omwe anagonana nawo kudzera pa kompyuta, atavala zomvera m'makutu, kuti asachite manyazi. Ofufuzawo analumikiza mayankho onse n'kujambula ukonde umodzi.

Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2007, zinaonetsa kuti theka la omwe anali atayamba zogonana anali olumikizana mu ukonde umodzi waukulu. Oposa munthu mmodzi mwa anayi alionse anali olumikizana kudzera m'njira zingapo zosiyana, kutanthauza kuti kudula mzere umodzi sikukanawalekanitsa.

Likoma anasankhidwa chifukwa pachilumba n'kosavuta kupeza pafupifupi aliyense wotchulidwa, osati chifukwa anthu ake ndi osiyana ndi a kwina. Uthenga wake ndi wa tonse. Munthu amaona mizere yake yokha, mwina umodzi kapena iwiri, n'kumati ali pabwino. Saona mizere ya mnzakeyo, ngakhale ya amene mnzakeyo anakumana nawo kale. N'chifukwa chake kuchipatala, wina akapezeka ndi kachirombo ka HIV, timamupempha mwaulemu ndi mwachinsinsi kuti atithandize kufikira mkazi kapena mwamuna wake, zibwenzi zake ndi ana ake kuti nawonso ayezedwe. Sitikakamiza munthu, koma mzere uliwonse wobisidwa ndi munthu yemwe angachedwe kuyamba mankhwala.

Mpanda wozinga matenda

Njira imodzi yomwe wophunzira aliyense wa makompyuta amaidziwa ndi yoyenda mu ukonde mzere ndi mzere. Umayamba pa kadontho kamodzi, n'kulemba tonse tolumikizana nako. Ukamaliza umalemba tolumikizana ndi timeneto, osabwereza tomwe walemba kale. Amaitcha breadth-first search. Azaumoyo amachita zomwezo pofufuza okhudzana ndi wodwala.

Chakumapeto kwa 1966, dokotala wa ku America, William Foege, anakumana ndi mliri wa nthomba kum'mawa kwa dziko la Nigeria ali ndi katemera wosakwanira aliyense. Iye ndi anzake anafufuza komwe kunali odwala, n'kubaya katemera anthu owazungulira komanso a kumalo komwe anthuwo ankakonda kupita, monga m'misika. Mliriwo unatha anthu ambiri asanabayidwe. Njirayi inadzakhala msana wa ntchito yothetsa nthomba padziko lonse. Munthu womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe anadwala ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti matendawa atheratu.

Mu 2015, poyesa katemera wa Ebola ku Guinea, anatsata njira yomweyo: ankabaya okhudzana ndi wodwala, kenako okhudzana ndi okhudzanawo. Uku kunali kumanga mpanda wa mizere iwiri kuzungulira wodwala aliyense.

Cholembera cha volontiya

Kompyuta ikhoza kuyenda mu ukonde wa anthu 1,000,000 m'kanthawi kochepa, koma siingaone mzere womwe sunalembedwe. Apa ndi pamene inu mavolontiya ndi makolo mumabwera.

Pakhomo pakapezeka wodwala chifuwa chachikulu cha TB, lembani onse ogona m'nyumbamo, osaiwala mdzukulu wobwera ku holide, wantchito ndi mlendo amene anakhalapo masabata angapo n'kubwerera kwawo. Ana osakwana zaka 5 ndi anthu omwe ali ndi HIV musawadumphe, chifukwa TB imawagwira msanga ndipo kuchipatala kuli mankhwala owateteza akapezeka kuti sanadwale. Aliyense amene akutsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda apite akayezedwe.

Samalani ndi mayina. Mayi mmodzi akalembedwa kuno ndi dzina lake la pachiphaso, uko n'kulembedwa kuti "make wakuti", m'kaundula amaoneka ngati anthu awiri ndipo mizere yake imagawikana. Anthu awiri a dzina limodzi akasokonezedwa, wina amayenderedwa kawiri pamene winayo sayenderedwa n'komwe. Lembani dzina lonse, dzina lodziwika nalo m'mudzi, zaka ndi mfumu yake.

Lembaninso tsiku. Matenda sayenda chobwerera m'mbuyo, choncho kudziwa kuti awiriwa anakumana liti kumathandiza kuona ngati mzerewo uli woopsa kapena ayi. Pa matenda ngati kolera, omwe amafala kwambiri kudzera m'madzi ndi chakudya, kadontho kofunika kakhoza kukhala chitsime, mjigo kapena mphika wa pamaliro. Funsani komwe banja limatunga madzi ndi komwe linadya.

Koposa zonse sungani chinsinsi. Volontiya mmodzi akaulula pamjigo zomwe anamva m'nyumba ya wodwala, mudzi wonse umatseka pakamwa, ndipo wotsatira kudwala amangoti, "Sindinakumane ndi aliyense."

Kwa makolo omwe ana awo akulimbana ndi phunziroli, alimbikitseni, anyamata ndi atsikana omwe. Masamu omwewa ndi amene amathandiza foni kupeza njira yachidule, ndipo angathandizenso kukonza ulendo wa njinga yamoto yotolera magazi ndi makhololo m'zipatala zazing'ono kuti zifike msanga ku labu. Ndipo mlangizi wa zaumoyo akafika pakhomo panu ndi kaundula wake, mpatseni mpando, mumuuze mayina onse.