Ntchito ya anthu awiri, mendulo ziwiri

Munthu ukaima kwa Jenala m'mwezi wa June, mphepo yochokera kuphiri la Mulanje imalowa mpaka m'mafupa, koma chipale chofewa sichigwa. Nchifukwa chake mpikisano wotsetsereka pamapiri achisanu pa timatabwa totchedwa ski timangoumva ngati nthano. Chodabwitsa nchakuti ena mwa akatswiri ake ndi anthu osaona.

Wosaonayo ntchitoyi sagwira yekha. Kutsogolo kumakhala wotsogolera, nayenso pa ski, ndipo awiriwa amalankhulana kudzera m'timakina tomangirira kuchisoti. Wotsogolerayo amauza mnzake pokhota, potsika kwambiri, pofunika kuwerama. Kumugwira ndi dzanja nkoletsedwa. Tangoganizani: liwiro limatha kupitirira makilomita 100 pa ola, ngati minibasi yothamangira okwera, ndipo moyo wako wonse uli pa mawu a munthu mmodzi. Akachedwa kunena "kumanzere", basi mwagwa nonse. Kelly Gallagher wa ku Northern Ireland atapambana pa masewera a Paralympics ku Sochi mu 2014, wotsogolera wake Charlotte Evans analandiranso golide. Ine ndimaona kuti nkoyenera, pakuti thukuta linali la onse.

Kwathu kuno ntchito yofanana nayo ili m'mabwalo othamangira. Othamanga a vuto la maso amagawidwa m'magulu atatu. A gulu la T11 amavala chophimba m'maso ndipo amathamanga atagwirana kachingwe ndi wowatsogolera, mapazi kuponda limodzi ngati akuvina. A T13 amaona pang'ono, kotero amathamanga okha.

Mu gulu lomalizali ndi momwe munali Taonere Banda, Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa masewera a Paralympics. Dziko lathu linalephera kupita ku London mu 2012 chifukwa chosowa ndalama, koma mu 2016 iye anakafika ku Rio de Janeiro kukathamanga mamita 1,500. Anabwerako wopanda mendulo, osataya mtima, ndipo mu 2021 anakathamanganso ku Tokyo.

Chimene chimandivutitsa ndi wotsogolera wogwira kachingwe uja. Ayenera kukhala waliwiro kuposa mnzakeyo, kudzuka naye mbandakucha, kuzolowera kapumidwe kake. Mnyamata wa kwa Jenala wokhala ndi miyendo yotere ali ndi munda womudikira, mwinanso njinga ya kabaza yoti adyetse nayo banja. Akasiya zimenezo nkukagwira kachingwe, madzulo adzamulipira ndani?