Kujambula pamene palibe woimba

Mwezi wathawu ndinapita ku Chencherere, m'dera la Chongoni ku Dedza, ndi mnzanga amene amapanga nyimbo pakompyuta. Iye anatchera maikolofoni pakhomo pa phanga kuti atole mkokomo wa mphepo ndi kulira kwa mbalame. Agogo ena otola nkhuni anatifunsa kuti, "Mukujambula chiyani, ana inu, poti palibe akuimba?"

Taonani mneni amene agogowo anasankha. M'Chichewa kujambula ndi kulemba chithunzi, kutola chithunzi ndi kamera, komanso kusunga mawu m'makina. Akafula ndi Achewa amene anasiya zithunzi zofiira ndi zoyera pamalo 127 a ku Chongoni, omwe UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, anajambula. Hugh Tracey, yemwe anayenda ndi makina ake mu Nyasaland m'ma 1950, nayenso anajambula. Nyimbo zimene anasungazo ndi zomwe akatswiri a pakompyuta anasakanizanso m'chimbale cha Beating Heart Malawi mu 2016.

Mneni tili naye. Povuta ndi dzina la chimene mnzangayo ankatola. Tikati nyimbo, womva amayembekeza woimba kapena ng'oma. Tikati phokoso, tanyoza ntchito yake, chifukwa phokoso limasokosa. Ine ndaona kuti kulira ndiko kukukwanira: ng'oma imalira, belu limalira, foni imalira, ndipo palibe amene amafunsa kuti wamwalira ndani.

Ndiye ndinayankha kuti, "Agogo, tikujambula kulira kwa phirili."

Iwo anangoti, "Ohoo! Mubwere m'mamawa, mpamene limalira bwino."